Sitima Yodikira Malaiti

Alendo akalowa m'chipinda changa cha kuseri, kumene ndimasunga masitima a zidole, ana amangoti kukamwa yasa. Akuluakulu ndiwo amavuta. Amayang'ana tinjanji, amayang'ana imvi zanga, kenaka amafunsa mwaulemu wonamizira kuti mayi wamkulu ngati ine zimenezi ndinaziyamba bwanji. Ndimawayankha kuti ndinayamba ndi chala. Amaseka poganiza kuti ndi nthabwala, ndipo ndimawasiya aseke, chifukwa nkhani yakeyo ndikaiyamba pakamwa sindifika nayo n'pakati pomwe.

Atate anachoka ku Katete ali mnyamata. Anabwererako kamodzi kokha, kukatenga amayi, basi. Ku Lusaka ankaphika m'nyumba ya mzungu wina kumayadi, ife tikukhala ku Kalingalinga m'nyumba ya zidina ya zipinda ziwiri, denga lake la migolo yophwanyidwa, yopsinjidwa ndi miyala kuti mphepo isaitenge. Mzunguyo anali ndi mwana wamwamuna amene anali ndi sitima ya magetsi. Atate ankaiona ikuyenda pamene ankalowetsa tiyi, ndipo anandiuza okha kuti nthawi zina ankachedwa dala potsanulira mkaka kuti aione ikukhota.

Dziko litalandira ufulu, mzungu uja anamanga katundu. Tsiku lotsanzikana anaika panja njinga ndi bokosi la sitima ija, n'kuuza atate kuti asankhe chimodzi, chotsalacho atenge wantchito wa m'dimba. Wa m'dimba anabwerera kwake akuliza belu. Atate anabwera wapansi, bokosi lili pamutu.

Amayi atatsegula bokosilo anafunsa, “Imwe, njingayo inali yothyoka?”

“Inali yabwinobwino,” anatero atate.

“Ndiye kumunda ku Chainda ndizikwera ichi?”

Nkhani ya njinga imeneyi sinathe m'nyumba mwathu mpaka atate analowa m'manda. Amayi akasenza thumba la chimanga, akatopa pamzere wa madzi, akaona mkazi wa munthu wina atakwezedwa pa kaliyala, ankangoti, “Anzathu anasankha bwino.” Atate ankangokanda kumutu.

M'bokosimo munali mutu wa sitima wakuda, wolemera kuposa mmene unkaonekera, mabogi ofiira, ngolo imodzi yopanda denga, njanji zowongoka ndi zokhota, ndi kabokosi kotuwa kokhala ndi chingwe cha pulagi mbali ina, timawaya tiwiri mbali inayo. Mzungu uja anawaonetsa atate bwinobwino: pulagi kukhoma, timawaya kunjanji. Analoza khoma kawiri, akugwedeza chala. Atate anasunga chala chimenecho mumtima kuposa mmene ankasungira ulaliki wa Lamulungu. Koma khoma lathu linalibe polowetsa pulagi. Linali ndi msomali wokolekapo jekete ndi mwaye wa koloboyi.

Musaganize kuti atate anali opusa. Ankadziwa kuti kwathu kulibe magetsi, amene ku komboni tinkangowatchula kuti malaiti. Koma masiku amenewo aliyense ankakhulupirira kuti zonse zili m'njira. Pamsonkhano wa chipani a tcheyamani a m'dera lathu ankati malaiti afika chaka chamawa, azimayi n'kululutira. Atate anangowerengera kuti ayambiretu kumanga njanji, kuti malaitiwo akamafika apeze zonse zili chire.

Anapeza chitseko chakale kwa kalipentala, n'kuchigoneka pa zidina zosanjikiza m'chipinda chochezera. Chipinda chimenecho ndi chimene ine ndi azing'ono anga tinkagonamo, choncho kuyambira pamenepo ndinkagona kunsi kwa njanji. Ndikadzuka mwaphuma ndinkagunda mutu, atate n'kuyamba afunsa za mlatho wawo asanafunse za chipumi changa.

Lamulungu loyamba, titachoka kutchalitchi, analumikiza njanji monga mmene chithunzi cha pabokosi chinkaonetsera, yozungulira. Anaiyang'ana, anapukusa mutu, n'kuimasula yonse.

“Sitima yanji yongozungulira pamodzimodzi ngati galu wofuna pogona?” anatero. “Sitima imachoka pena, imafika pena.”

Anaiyalanso mwa njira yawo. Inayambira pakona imodzi ya chitseko, inayenda m'litali mwake, inakhota kumapeto, n'kubwerera mbali inayo mpaka pakona ina. Poyambira anati ndi Lusaka. Pothera anakhomapo kathabwa kuti sitima isagwe, n'kunena kuti ndi Katete. Aliyense amadziwa kuti kum'mawa kunalibe njanji. Anthu a ku migodi ndi a kumwera ankapita kwawo pa sitima, ife a kum'mawa tinkathyoka misana m'mabasi. Zimenezi zinkawawawa atate, ndipo anaganiza zokonza okha cholakwikacho pa chitseko.

Mmene ndimamangira masitima anga lero ndinaphunzira pamenepo. Timiyala toika pakati pa njanji tinkakatola kwa azimayi ophwanya miyala m'mphepete mwa msewu, zinyenyeswa zimene iwo ankangosesa. Atate ankazisefa ndi sefa ya ufa ya amayi, ndipo tsiku limene amayi anazindikira, aneba onse anamva. Mapiri tinkaumba ndi dothi la pachulu. Mtsinje wa Luangwa unali wa timapepala tonyezimira ta m'mapaketi a fodya, mlatho wake wa masipoko a njinga. Amayi ataona mlathowo anati, “Basi, njinga yathu ija yafika.” Masiteshoni anali a mabokosi a machesi, omatidwa ndi phala la ufa wa chinangwa. Phala limeneli mphemvu zinkalikonda kwambiri, moti chaka china zinadya siteshoni ya Nyimba yonse n'kusiya denga lokha. Mitengo inali ya ulusi wa khonje woviika mu penti yotsala m'zitini.

Ankapanganso tianthu ta waya, tovekedwa tizidutswa ta nsalu. Panali mayi wobereka mwana, panali wogulitsa nsomba, panali wapolisi wokhota miyendo. Ndipo panali kamunthu kamodzi kovala jekete yakuda ndi chipewa cha batani la malaya, kataimirira pa siteshoni ya Lusaka ndi kasutikesi m'manja. Atate sananenepo kuti kanali ndani. Amayi ankangokatchula kuti “bwana wosankha bwino”.

Vuto linali limodzi. Mawilo a mutu wa sitima ya magetsi sazungulira ukaukankha ndi dzanja, amangokhwekhwereza panjanji. Atate anayesa kamodzi, anamva kulira kwake, ndipo analetsa aliyense kuukhudza. Mutuwo unaikidwa kumapeto kwenikweni kwa Lusaka, kuseri kwa mabogi, kudikira malaiti. Mabogi okha ndiwo ankayenda, ndipo wowayendetsa ndinali ine, ndi chala chamkombaphala.

Lamulungu lililonse masana ndinkakankha pang'onopang'ono, atate ali pa mpando wachikopa akuitana masiteshoni ndi mawu aakulu. “Chongwe! Makala, makala!” Ndinkaima. “Luangwa! Nsomba zouma, madengu! Mayi, gwirani mwana, mlatho uwu ndi wautali.” Ndinkadutsa pamlatho nditagwira mpweya. “Nyimba! Nthochi!” Kenaka Petauke, kenaka Sinda. Tikafika pa kathabwa mawu awo ankatsika, ankangoti, “Katete,” ngati akuuza munthu amene wakhala naye pafupi. Njira ya kwathu ndinaidziwa choncho, ndisanaiponde n'kamodzi komwe.

Tsiku lina ndinanyamula kamunthu ka chipewa kaja kuti ndikakweze m'ngolo. Atate anandigwira dzanja.

“Musiye ameneyo. Sakwera sitima ya chala. Adikira mutu.”

Ndinakabwezera pa siteshoni, ndipo kanaima pamenepo zaka zonse za ubwana wanga.

M'nyumba yogundizana ndi yathu munkakhala bambo wina wa ku migodi, wa mtundu wa Abemba, wokonza magalimoto pansi pa mtengo wa mango. Tinkangowatchula kuti ba neba. Anali munthu wa phokoso, wokonda chakumwa, wa mtima wabwino kwambiri. M'nyumba mwawo munali batire la galimoto limene ankalizira galamafoni, ndipo Lamulungu masana rumba yawo inkalowa kwathu kudzera m'khoma. Tsiku lina anabwera kudzabwereka nyundo, anaona chitseko chija, anaiwala za nyundo. Ananyamula kabokosi kotuwa, anakatembenuza uku ndi uku, akuwerenga timalemba ta kunsi kwake.

“Ba mdala, imwe muyembekeza chani?” anatero. “Aka kabokosi nchito yake ni kuchepesa chabe malaiti ya ku chipupa. Vamene vichoka kuno ku tumawaya ni saizi imozi na batili yanga. Lekani nibwelese, iyende manje manje.”

Atate anawalanda kabokosiko mwaulemu. “Batire loliza galimoto yonse, muliike pa kanthu aka? Kapsa.”

“Awe, sikangapye, shuwa!”

“Wailesi ya a tcheyamani munanenanso kuti singapse.”

Zinali zoona. Chaka chomwecho ba neba anali atapsereza wailesi ya a tcheyamani, utsi wake komboni yonse inauona. Anaseka, anakanda ndevu, n'kunena kuti ija inali yodwala kale. Atate anati, “Mwini wake analoza khoma. Ikapsa iyi, ina ndikaipeza kuti?” Nkhani inathera pomwepo, koma inasanduka moni wawo. Akakumana pampopi kapena panjira, ba neba ankafuula kuti, “Ba mdala, nibwelese batili?” Atate ankayankha kuti, “Malaiti ali pafupi.” Onse awiri ankaseka n'kupitirira.

Zaka zinapita. A tcheyamani anasintha, chaka chamawa sichinasinthe. Atate anaphikira bwana wina wachikuda, kenaka anaphika m'kantini ya kampani ina, kenaka ntchito inatha. Tinalowa m'zaka za mizere: mzere wa ufa, mzere wa sopo, mzere wa mafuta ophikira. M'zaka zimenezo atate sanaphonye kusamala sitima yawo. Ankapempha timafuta ta makina kwa telala, n'kudontheza m'mutu muja ndi nsonga ya machesi. Njanji ankazipukuta ndi kansanza mpaka kuwala. Mutu wosayendawo unkadyetsedwa bwino kuposa ife.

Nditakula ndinayamba kukwiya nawo, ndipo sindibisa. Mkulu wina wa kutchalitchi, amene ankakhala ku Matero m'nyumba ya malaiti, anawauza kuti abweretse sitimayo akaiyese kwake. Atate anakana. Anati chitseko sichinganyamulike popanda mapiri kusweka, ndipo anawonjeza kuti iwo sangayambire ulendo wopita kwawo m'nyumba ya munthu wina. Ine ndinati ndi makani chabe. Anandiyang'ana, n'kupitiriza kupukuta njanji.

Pamenepo n'kuti nditazindikira kuti nkhani sinali ya chidole yokha. Kumudzi kunkabwera mauthenga a maliro, a maukwati, a minda imene ikulimidwa ndi ena. Atate ankatumiza amayi, kapena ankangotumiza mawu. Ankachita manyazi kukafika chimanjamanja pambuyo pa zaka zonsezo m'tauni, ndipo ankadziwa kuti kumeneko amawatchula kuti mtchona. “Tidzapita zinthu zikakhala bwino,” ankatero. M'mutu mwawo kukhala bwino kwa zinthu ndi kubwera kwa malaiti chinali chinthu chimodzi. Tsiku limene mutu wakudawo udzanyamuka wokha, iwonso adzavala jekete.

Kenaka mitengo ya magetsi inabweradi. Anthu a maovolosi anakumba maenje m'mphepete mwa msewu, ndipo mtengo umodzi anaudzala pafupi ndi nyumba yathu, poti ukaima pakhomo unkauona. Tsiku limenelo atate anapita kumsika wa m'tauni n'kubwera ndi soketi yoyera yakale. Anaikhomera kukhoma pafupi ndi chitseko cha sitima, analowetsamo pulagi, n'kukhala pansi akumwetulira. Kuseri kwa soketiyo kunalibe waya aliyense, kunali chidina. Nyali za pamitengo zija zinali zounikira msewu basi. Kuti waya alowe m'nyumba pankafunika nyumba ya mabuloko ndi zinthu zina zimene ife tinalibe. Atate atauzidwa anati palibe kanthu, chachikulu mtengo wafika. Sindinaonepo chinthu chomvetsa chisoni ngati pulagi ija ili m'khoma lopanda kanthu, chaka ndi chaka, ikupukutidwa fumbi.

Anayamba kudwala ine nditakwatiwa kale ku Mtendere. Chinayamba ndi chifuwa, kenaka miyendo inatupa, jekete inayamba kuwakulira. Lamulungu lina masana ndinapita kukawaona. Ndinawapeza pa mpando wachikopa uja, atafunda bulangete kunja kukutentha.

“Takankha, mwana wanga,” anatero.

Ndinagwada, mayi wa ana awiri, n'kuika chala kumbuyo kwa bogi. “Chongwe,” anaitana, koma makala sanawatchule. Pa Luangwa anatsokomola nthawi yaitali. Pa Nyimba mawu anatheratu, milomo yokha inkagwedezeka. Ndinasiya mabogi pomwepo. Kuseri kwa khoma rumba ya ba neba inkalira monga mwa masiku onse.

“Atate, chonde,” ndinatero, misozi ili m'maso. “Lolani ba neba abweretse batire. Muione ikuyenda kamodzi kokha.”

Anayang'ana mutu wakudawo, anayang'ana kamunthu ka chipewa. Ndinaona kuti akufuna, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti anatsala pang'ono kuvomera. Koma anapukusa mutu.

“Tadikira zaka zonsezi, ndiye tiipsereze lero, mtengo uli pakhomo? Iyayi.”

Ba neba nawonso anabwera sabata yomweyo, opanda nthabwala, chipewa chili m'manja. “Ba mdala, napapata, nilekeni chabe niyese.” Atate anawagwira dzanja n'kunong'ona kuti, “Malaiti ali pafupi.” Palibe anaseka.

Anamwalira mvula itangoyamba. Tinalibe njira yonyamulira thupi kupita ku Katete, choncho tinawaika ku manda a cha ku Chunga, pakati pa anthu amene sanawadziwe. Zimenezi ndi zimene amayi ankalira kwambiri. Achibale a atate ochokera kumudzi anagawana jekete, bedi ndi mipando monga mwa mwambo. Atafika pa chitseko chija anayang'anizana, wina anaseka pang'ono, n'kuchisiya.

Anthu atabalalika, phulusa la pamaliro litasesedwa, ba neba anagogoda m'mawa wina. Anali atasenza batire paphewa, maso ali ofiira koma osati ndi mowa. Analitula pakhomo, n'kugwada pamaso pa amayi, amene anali atakhala pamphasa, mutu wometa uli mu duku lakuda.

“Ba mayo, nikhululukileni. Mutima wanga siupumula. Ngati yapya, yapya, munitukane. Koma lekani tizibe.”

Ine ndinkaganiza kuti amayi atchula njinga. Koma anadzuka, anakonza chitenje, n'kuloza chitseko ndi chibwano.

Ndinazula pulagi m'khoma. Ba neba anamasula timawaya tiwiri ku kabokosi kotuwa, n'kutilumikiza ku mawaya awo aatali. Ndinabweza mabogi kuchokera ku Nyimba, kumene anali chiimire kuyambira Lamulungu lija, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinanyamula mutu wakuda n'kuuika patsogolo. Mawilo ankakana kukhala panjanji. Nditamaliza, amayi anatambasula dzanja, anatola kamunthu ka chipewa cha batani pa siteshoni ya Lusaka, anakapukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kukakhazika m'ngolo yopanda denga pamodzi ndi kasutikesi kake.

Ba neba anamangirira waya mmodzi ku batire. Winayo anaugwira m'mwamba, anapuma mozama, n'kugunditsa.

Panathetheka kamoto. Kanyali kakang'ono kutsogolo kwa mutu kanayaka. Mutuwo unanjenjemera, unalira ngati njuchi ili m'botolo, ndipo unanyamuka. Sunapse. Sunatsokomole n'komwe, mafuta a telala aja anali atagwira ntchito yake. Unakoka mabogi ake wokha, popanda chala cha munthu, ba neba akugunditsa ndi kuchotsa waya kuti usathamange kwambiri.

Sitima inadutsa Chongwe, ndipo panalibe woitana. Inakwera mlatho wa masipoko, kanyali kakuwala pa timapepala ta fodya. Mumtima mwanga munali chisoni ndi ukali pamodzi, moti sindinkadziwa wokwiyira. Batire limeneli linali kuseri kwa khoma zaka zonsezo, likuliza rumba, mwina mkono umodzi kuchokera pamene atate ankakhala. Ba neba ankalira poyera ngati mwana, akungobwereza kuti, “Ninabauza ine, ninabauza.”

Inakhota kumapeto kwa chitseko, inadutsa Nyimba, Petauke, Sinda. Ba neba, maso atadzaza misozi, anaiwala kuchotsa waya. Sitima inagunda kathabwa ka pothera n'kuima, mawilo akupitiriza kuzungulira pamalo amodzi, kamunthu ka chipewa katapendekeka pang'ono m'ngolo mwake.

Amayi anawerama, anakawongola ndi chala, n'kukayang'ana kanthawi.

“Chotsani waya, ba neba,” anatero. “Afika.”